Chimene Thupi Limasunga Likachira

Munthu amene wagona milungu itatu m'chipatala ndi chibayo choopsa, akupumira mpweya wa m'botolo, akatulutsidwa abale amati wachira. Lamulungu lotsatira amapita naye kutchalitchi kukapereka umboni, ndipo mwezi usanathe onse amayembekezera kumuona atasenza khasu kapena atabwerera kuntchito. Ambirife mawu akuti kuchira timawamva ngati kubwerera mwakale, ngati kuti matenda ndi mlendo woipa amene akachoka timasesa pabwalo mpaka mapazi ake osaonekanso. Kamvedwe kameneka kali ndi chiphunzitso chake, ndipo m'misonkhano ina ya machiritso chimalalikidwa mosabisa: Mulungu akachiza amachiza kotheratu, sasiya kanthu, choncho amene patatha miyezi isanu akubanikabe pokwera kachitunda, akutopabe asanafike pachitsime, ndiye kuti chikhulupiriro chake chidaperewera kapena pali china chimene sadaulule. Ndikukhulupirira kuti chiphunzitso chimenechi n'cholakwika, ndipo chimapweteka anthu opwetekedwa kale. Thupi lochira ndi thupi losinthika, ndipo kusinthikako ndi mbali ya kuchira komweko. Umboni woyamba uli m'magazi a anthu amene adadwala COVID-19 mwakayakaya, pakuti ndi matenda ochepa a m'mapapo amene asayansi adawalondola sabata ndi sabata monga adachitira ndi amenewa.

Kuno kwathu Edzi idatiphunzitsa kuwerenga asilikali a m'thupi. Ngakhale agogo a kumudzi amadziwa kuti CD4 ikatsika zinthu sizili bwino. Maselo a CD4 ndi gulu limodzi la maselo otchedwa T. Anzawo a CD8 amasaka ndi kupha maselo amene kachilombo kalowamo, pomwe maselo a B amapanga ma antibody, timapuloteni tomatirira kachilombo kuti kasalowe kwina. Kungoyambira pa odwala oyamba a ku Wuhan kumayambiriro a 2020, madokotala adaona kuti wodwala akatsala pang'ono kugonja, maselo a T m'magazi mwake amakhala atatsika kwambiri, ndipo kutsikako kumachenjeza kuti munthuyu angafunike makina opumira. Pamene awa akuchepa, ena akuchuluka. M'mafuta a m'mafupa, momwe maselo onse a magazi amabadwira, mumatuluka khamu la ma neutrophil, ambiri osakhwima n'komwe, monga mudzi umene amuna atha n'kuyamba kutumiza tianyamata kunkhondo. Ofufuza a ku Berlin ndi ku Bonn adalemba zimenezi mu 2020, ndipo adaonanso kuti ma monocyte, amene ntchito yawo ina ndi kusonyeza maselo a T nkhope ya mdani, amakhala atataya zida zosonyezera. Ku Boston, gulu la Shiv Pillai litapima matupi a omwalira lidapeza kuti m'tizigawo tija timene tikatupa timati mwanabere, malo amene maselo a B amanoledweramo kuti apange ma antibody akuthwa ndi okhalitsa adali atasowa.

Chisokonezo chonsechi nthawi zambiri chimayamba ndi mfuwu wochedwa. Selo likalowedwa ndi kachilombo limakuwa, ndipo mfuwu wake ndi puloteni yotchedwa interferon, imene imauza maselo oyandikana nalo kuti atseke zitseko. Mfuwu ukamveka msanga, matenda amathera pa chimfine. Gulu la Jean-Laurent Casanova wa ku Rockefeller University lidapeza mu 2020 kuti mwa odwala 987 amene moyo wawo udali pachiswe, 101, pafupifupi onse amuna, adali ndi ma antibody olimbana ndi interferon wawo yemwe. Thupi lidadzitseka lokha pakamwa. Kachilombo kakafalikira mopanda woletsa, chitetezo chimadzambatuka mochedwa ndi mwaukali, monga anyamata osaka mbewa amene atentha tchire kuli mphepo, moto n'kukafika pa nkhokwe. Timithenga totukusira thupi, makamaka IL-6, timasefukira. Timatumba ta mpweya m'mapapo timadzaza madzi. Ndipo m'sabata yachiwiri, pamene kachilombo kayamba kuchepa, wodwala ndi pamene akuipiraipira. Ndicho chifukwa chake mankhwala oyamba amene adaoneka kuti akupulumutsa miyoyo sadali opha kachilombo. Pa 16 Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY wa ku Oxford adalengeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otsika mtengo ofooketsa chitetezo, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, ndi limodzi mwa asanu pakati pa olandira okosijeni, koma sathandiza amene sakufunikira okosijeni. Makolo adati walira mvula walira matope. Mphamvu imene imatiteteza ndi yomweyo imene imatha kutimiza, ndipo palibe thupi limene lingadutse m'nkhondo yotere n'kutuluka monga lidalowera.

Nkhondo ikatha, asilikali ambiri amene adachuluka amafa, koma ochepa amatsala osunga nkhope ya mdani. Ku La Jolla Institute ku California adatsata anthu 188 mpaka miyezi isanu ndi itatu, napeza kuti maselo a B okumbukira kachilombo adali ochuluka pa mwezi wachisanu ndi chimodzi kuposa pa mwezi woyamba. Ku St. Louis, gulu la Ali Ellebedy lidapeza m'mafuta a m'mafupa a anthu amene adangodwala pang'ono maselo amene adakhazikika momwemo n'kumatulutsa ma antibody mwakachetechete. Ku Singapore, anthu amene adapulumuka SARS ya mu 2003 adali adakali ndi maselo a T oizindikira patapita zaka 17. Mu 2008 ku America adapima nkhalamba 32 za zaka pakati pa 91 ndi 101, zimene zidali ana pa mliri wa fuluwenza wa 1918, ndipo magazi awo adazindikirabe kachilombo kaja. Zimenezi zidaoneka kale maselo okumbukirawa asanadziwike. Mu 1846 chikuku chidagwira anthu oposa 6,000 mwa anthu osakwana 8,000 a pa zilumba za Faroe, ndipo dokotala wa ku Denmark, Peter Panum, adaona kuti okalamba amene adadwala chikuku mu 1781 sadadwalenso. Thupi lidasunga nkhaniyo zaka 65.

Koma sindikufuna kunena za chikumbukiro chokoma chokha, chifukwa buku limene mwalembedwa chitetezo ndi lomwelo mwalembedwa mabala. Mu 2023 gulu la Steven Josefowicz wa ku Weill Cornell ku New York lidapeza kuti mwa amene adadwala COVID-19 mwakayakaya, maselo amayi a m'mafuta a m'mafupa, obereka maselo onse a magazi, amakhala atasinthika kakonzedwe ka majini awo mpaka chaka chathunthu. Majiniwo sasintha, koma masamba amene ali otseguka kuti awerengedwe amasintha, ndipo ma monocyte obadwa pambuyo pake, amene kachilomboko sadakaonepo, amabadwa ali ndi phuma lotukusira thupi. Ku Sydney adapeza mu 2022 kuti mwa anthu odwalabe patatha miyezi isanu ndi itatu, ngakhale amene poyamba sadadwale kwambiri, interferon adali adakali wokwera ndipo maselo atsopano a T ndi B adali operewera, ngati mudzi umene mfuwu sunatonthole chikhalirecho akuba adapita kale. Ku Yale ndi ku Mount Sinai, Akiko Iwasaki ndi David Putrino adapeza mwa odwala otere kutsika kwa timadzi ta m'thupi totchedwa cortisol ndi zizindikiro zakuti kachilombo kakale ka Epstein-Barr, kamene kamagona mwa anthu ambiri moyo wawo wonse, kadzukanso. Mayi amene akuti miyendo yake ndi yolemera kuyambira pamene adadwala sakunama, sakuchita ulesi, ndipo sakusowa chikhulupiriro. Akunena chimene magazi a anthu onga iye awonetsa.

Tsono tiyese kulifunsa bwino pemphero lija lakuti thupi libwerere mwakale, lisasiye kanthu. Pali matenda amodzi amene amachitadi zotere kwa chitetezo, ndipo ndi chikuku chomwechija. Kachilombo kake kamalowa m'maselo okumbukira n'kuwapha. Mu 2019 Michael Mina ndi anzake adapima ana 77 osabayidwa katemera a ku Netherlands asanadwale ndi atachira, napeza kuti chikuku chidafafaniza pakati pa 11 ndi 73 peresenti ya mitundu ya ma antibody imene anawo adali nayo. Mwana wotere amabwereradi mwakale, ku ukhanda wosadziwa mdani, ndipo chibayo ndi kutsekula m'mimba zimene adazigonjetsa kale zimatha kumugwetsanso. Kufufutika kwa mbiri ya thupi, kumene ulaliki wina umakuyesa chimake cha machiritso, kwa asilikali a m'thupi ndi tsoka. Ngakhale mapasa ofanana ndendende sakhala ndi chitetezo chofanana: ku Stanford mu 2015 adapima mapasa 210 napeza kuti zambiri zosiyanitsa chitetezo cha munthu ndi cha mnzake sizichokera kwa makolo, ndipo mapasa akamakula amanka nasiyana. Chitetezo chanu ndi mndandanda wa zimene mudakumana nazo, kuyambira chimfine cha kumsana kwa amayi anu. Wofuna thupi lopanda chipsera chilichonse akufuna thupi la munthu amene sadakhalepo ndi moyo wake.

Asayansi nawo adakhudzidwapo ndi chipembedzo pankhaniyi. Mu 1960 Thomas Francis Jr. adaona kuti fuluwenza woyamba amene mwana amakumana naye amaumba mayankhidwe a thupi lake kwa fuluwenza aliyense wobwera pambuyo, ndipo adachitcha chinthuchi dzina lobwereka ku chiphunzitso cha tchimo lachibadwa. Dzinalo lidamera mizu, koma ndikuona kuti limasocheretsa. Kafukufuku wa mu 2016 adaonetsa kuti obadwa chisanafike chaka cha 1968, pamene mtundu wa H3N2 udayamba kufalikira, amatetezeka bwino ku fuluwenza wa mbalame wa H5N1, ndipo obadwa pambuyo pake amatetezeka bwino ku H7N9. Chidindo chomwecho chimakutchinjiriza mbali imodzi n'kukusiya poyera mbali ina. Pamenepa palibe mlandu wa munthu. Pali kukhala wolengedwa, wobadwa chaka chakuti, pamalo pakuti, wosatha kukhala ponseponse.

Wokhulupirira woona mtima angatsutse motere: Mulungu salamulidwa ndi maselo. Namani wakhate atasamba mu Yordano khungu lake lidakhala ngati la kamwana. Nanga bwanji ife tichepetse dzanja la Mulungu chifukwa cha zopeza za ku New York? Sindikukana nkhani ya Namani, ndipo sindikunena kuti Mulungu sangathe. Chimene ndikukana ndi kutenga nkhani imodzi n'kuisandutsa muyeso woyesera wodwala aliyense, pamene Malemba omwewo sachita tero. Yakobo adalandira madalitso ndi dzina latsopano pa Penieli, nachokapo akutsimphina. Yobu adabwezeredwa ziweto kuwirikiza kawiri, nabereka ana ena khumi, koma khumi oyamba aja adakhalabe kumanda, ndipo kholo lililonse limadziwa kuti mwana salowa m'malo mwa mwana. Wakhungu wa ku Betsaida adapenya m'magawo awiri, poyamba akuona anthu mwachimbuuzi. Mwana wa Yairo ataukitsidwa, Yesu adalamula kuti ampatse chakudya, kusonyeza kuti ngakhale pambuyo pa chozizwitsa thupi limafuna phala ndi wolisamala. Paulo adapempha katatu kuti munga umchoke, ndipo sudachoke. Iye mwini, amene adachiritsa ena, adasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Koposa zonsezi, thupi limene Akhristu amaliyesa chitsanzo cha kuchira kotsiriza, la Khristu wouka kwa akufa, lidauka lili ndi mabala a misomali ndi a nthungo, ndipo Tomasi adamzindikira ndi mabala omwewo. Ngati panali thupi loyenera kubwezeredwa lopanda kachizindikiro, ndi limenelo. Uthenga Wabwino wa Yohane ukanatha kulionetsa losalala, koma udasankha kulionetsa lonyamula mbiri yake. Mlaliki amene amati chipsera ndi umboni wa chikhulupiriro chochepa ayenera kutiuza chimene amachita ndi manja amene adatambasulidwira Tomasi.

Wina wa maganizo a sayansi angatsutse kuchokera mbali ina: maselo salalikira. Kunena kuti selo la B limakumbukira ndi kuphiphiritsa chabe. Lilibe maganizo, limangogawikana chifukwa chida chake chidagwirana ndi puloteni ya kachilombo, ndipo kuchotsa phunziro la moyo m'zinthu zotere ndi kudzinyenga. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndipo ndiyenera kuivomera theka. Momwe chilengedwe chimayendera si lamulo la momwe tiyenera kukhalira. Udzudzu nawo ndi chilengedwe. Koma chiphunzitso chimene ndikutsutsana nacho sichinena za mzimu wokha. Chimanena za thupi, kuti thupi lochiritsidwa limakhala lotere ndi lotere, ndipo chikanena za thupi chalowa m'bwalo limene magazi ali ndi ufulu woperekera umboni. Maselo sangatiuze cholinga cha kuvutika, koma angatiuze ngati zimene tikumuuza wodwala za thupi lake ndi zoona. Ndipo kwa amene amakhulupirira kuti thupi lidalengedwa, kapangidwe kake si nkhani yachilendo kwa Mlengi. Ngati lidapangidwa kuti lizichira mwa kusunga, n'kovuta kunena kuti Mwini wake amanyansidwa ndi zosungidwazo.

Chitsutso chimene chimandivuta kwambiri ndi chachitatu. Kodi zonsezi si kukometsa matenda? Mukamuuza munthu amene mapapo ake adalimba ndi zipsera, amene sangathenso kupalasa njinga ya kabaza yomwe inkadyetsa ana ake, kuti thupi lake lasunga mbiri, kodi mwamupatsa chiyani? Ndipo ngati kudwala kumaphunzitsa thupi, bwanji osangolola aliyense kuti adwale? Yankho loyamba ndi lakuti si kusintha kulikonse kumene kuli kwabwino. Selo lokumbukira kachilombo ndi phindu. Selo lamayi limene likubereka ana aphuma ndi bala, ndipo bala limafuna mankhwala. Kuvomereza kuti wochira ndi wosinthika ndiko kumatsegula njira yakuti tisiyanitse ziwirizi, pamene chiphunzitso cha kubwerera mwakale chimangodziwa anthu a mitundu iwiri, ochira ndi olephera. Bungwe la WHO litalemba mu Okutobala 2021 tanthauzo la COVID wokhalitsa, kuti ndi zizindikiro zooneka patatha pafupifupi miyezi itatu chiyambire matenda n'kukhala miyezi iwiri kapena kuposa popanda chifukwa china, lidapatsa anthu amenewa malo oimapo pakati pa bedi la m'chipatala ndi munda. Yankho lachiwiri ndi katemera. Katemera ndi njira yopatsira thupi chikumbukiro popanda kulitentha tchire: asilikali amaona nkhope ya mdani mudzi usanapse. Amene wamvetsa mtengo wa kuphunzira kudzera m'matenda oopsa, maselo a T kutsika, mapapo kudzaza madzi, mafuta a m'mafupa kusinthika chaka chonse, sangauze mnzake kuti akadwale kuti alimbe. Ndi zachisoni kuti ena mwa olalikira machiritso osasiya chipsera ndi omwenso adaletsa nkhosa zawo njira imodzi yopezera chitetezo popanda chipsera chachikulu.

Wolemba mbiri Thucydides, amene iye mwini adadwala mliri wa ku Athens wa mu 430 Khristu asanabadwe, adaona kuti odwazika matenda mwachifundo chachikulu adali amene adachira, chifukwa adadziwa ululu wake ndipo matendawo sankawagwiranso mpaka kuwapha. Kusinthika kwa matupi awo ndiko kudawalola kuyandikira amene ena onse ankawathawa. Mpingo umene umangofuna maumboni a kuchira kwa tsiku limodzi umataya anthu otere, pakuti wochira mwapang'onopang'ono amaphunzira kubisa kufooka kwake kuti asafunsidwe za chikhulupiriro chake, kapena amangoleka kubwera. Pabanja ndi chimodzimodzi: gadiyani amene adagona pansi pa bedi milungu itatu amayesa ntchito yatha tsiku lotuluka m'chipatala, pamene m'mafupa a wodwala ntchito yangoyamba.

M'kafukufuku wa ku Weill Cornell uja muli chinthu china chimene chimasuntha funso lonse. Odwala amene pa nthawi ya kayakaya adalandira mankhwala otsekereza IL-6 adapezeka kuti maselo awo amayi adasinthika pang'ono poyerekeza ndi amene sadalandire. Kukula kwa chipsera, mwa zina, kumatengera thandizo limene munthu adapeza moto uli mkati. Mu Januwale 2021, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la zamasewera la Bingu ku Lilongwe lidasandutsidwa malo ogonekerapo odwala, okosijeni weniweniyo adali wosowa m'zipatala zathu, osanena za mankhwala okwera mtengo otsekereza IL-6 ngati tocilizumab. Ambiri mwa amene adapulumuka mwezi umenewo ali pakati pathu, m'makwaya ndi m'misika, ena akupumabe movutikira. Tikafuna kudziwa chifukwa chake sadabwerere mwakale, tisanafunse za mapemphero awo tiyenera kufunsa kuti adafika kuchipatala tsiku lachingati la matenda, adapeza botolo la mpweya kapena adadikira, ndipo ndani adayenera kuonetsetsa kuti botololo lilipo.